Tsiku Limene Apolisi Anagwira Nthano

M'mawa wa pa 1 Malichi 1990, apolisi a Secret Service anatulukira pa kakampani kena mumzinda wa Austin, ku Texas. Kampaniyo, Steve Jackson Games, sinkagulitsa mfuti kapena chamba. Inkasindikiza mabuku a masewera, aja anthu amakhala mozungulira tebulo, aliyense n'kudzisandutsa munthu wa m'nthano, madayisi n'kumagamula wopulumuka ndi wakufa. Apolisiwo ananyamula makompyuta atatu, pamodzi ndi zolemba za buku lomwe linali litatsala pang'ono kusindikizidwa, GURPS Cyberpunk. Mwini kampani atawalondola ku ofesi kwawo, wapolisi wina anamuuza kuti bukulo n'lophunzitsa anthu umbava wa pa kompyuta. Jackson anayesa kulongosola kuti ndi nthano chabe, ya dziko la m'tsogolo momwe anthu amalumikiza ubongo ku makina ndi nthambo. Wapolisiyo anakakamira kuti ayi, zimenezi n'zenizeni.

Chimene ankasaka kwenikweni chinali china: chikalata cha kampani ya mafoni ya BellSouth, chofotokoza kayendetsedwe ka nambala yoimbira pangozi ya 911, chomwe anyamata ena anakopera mobisa n'kumagawana. Wolemba buku lija, Loyd Blankenship, ankadziwana nawo anyamatawo. Boma linati chikalatacho n'cha madola 79,449. Mlandu wa mmodzi wa iwo utafika m'khoti ku Chicago, zinaululika kuti nkhani zomwezo aliyense akanazigula ndi madola 13 okha. Koma apo n'kuti kampani ya Jackson itachotsa kale ntchito pafupifupi theka la antchito ake. Inadzapambana mlandu wake mu 1993, ndipo m'phokoso lomweli munabadwa bungwe loteteza ufulu wa anthu pa makompyuta la Electronic Frontier Foundation. Bruce Sterling, wolemba nthano wa ku Austin komweko, ataona kuti apolisi angathe kunyamula kompyuta ya mlembi aliyense pamodzi ndi buku lake losamaliza, anayamba waika nthano pambali n'kulemba buku la zoona, The Hacker Crackdown, mu 1992.

M'nyumba yowerengeramo mabuku, a zopeka amakhala uku, a zoona uko. Koma pa nkhani ya kuthyola makompyuta, makomo awiriwa akhala akupalana moto kwa zaka zoposa 50, moti lero n'kovuta kunena amene anayamba kukoleza.

Dzina lenilenilo lakuti hacker poyamba silinali lachipongwe. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ophunzira a ku MIT a m'kalabu yoseweretsa tisitima ta pa njanji ankatchula motero mnzawo wanzeru zamanja, wotha kuchititsa makina chinthu chimene owapanga sanachiganizire. Steven Levy anawalemba ngati ngwazi m'buku lake Hackers, la 1984. Ifeyo dzinali linatifika litavunda kale. Munthu akati "andihaka" amakhala akulira Facebook kapena WhatsApp yake.

Mayina ambiri a zilombo za m'makompyuta anachokera m'nthano. Mu 1972, David Gerrold analemba za pulogalamu yodzichulukitsa yokha kudzera m'mafoni, n'kuitcha VIRUS, m'buku la When HARLIE Was One. Mu 1975 Mngelezi John Brunner anatulutsa The Shockwave Rider, momwe munthu wothawa boma amamasula pulogalamu yonga njoka ya m'mimba, yokwawa kuchoka m'kompyuta ina kulowa ina, mpaka kuulula zinsinsi zonse za akuluakulu. Akatswiri awiri a ku Xerox PARC, John Shoch ndi Jon Hupp, atapanga pulogalamu yeniyeni yoyenda motero, anabwereka dzina kwa Brunner, ndipo ananena poyera m'chikalata chawo cha 1982. Usiku wina kachilombo kawo kanapenga, m'mawa anapeza makina ambiri m'nyumbamo ali zii.

Mawu akuti cyberspace anawapeka William Gibson m'kankhani kotchedwa Burning Chrome mu 1982, n'kuwakuza m'buku la Neuromancer mu 1984. Chimandiseketsa n'chakuti bukuli, lomwe anyamata ambiri othyola makompyuta ankaliyesa lawolawo, linalembedwa pa taipilaita yakale yamanja, mwini wake asanagulepo kompyuta. Ganizo analitola poonerera ana m'nyumba za masewera a pa vidiyo ku Vancouver, maso ali tong'oo pa sikirini, thupi lonse litaweramira kutsogolo ngati akufuna kulowamo.

Komabe imene inagwedeza boma inali filimu. WarGames inatuluka mu Juni 1983: mnyamata wa sukulu, pofunafuna masewera atsopano, alowa mwangozi m'kompyuta ya asilikali, n'kutsala pang'ono kuyambitsa nkhondo ya nyukiliya. Ronald Reagan, amene naye anali wochita mafilimu, anaionera ku Camp David kumapeto kwa sabata lomwelo. Patapita masiku angapo, pa msonkhano wokambirana za mizinga, anayamba kuwafotokozera aphungu filimuyo, kenako anatembenukira kwa mkulu wa asilikali onse, John Vessey, n'kumufunsa ngati zoterezi zingachitikedi. Vessey anapita kukafufuza, ndipo atabwerako patatha sabata anauza pulezidenti kuti vutolo n'lalikulu kuposa mmene ankaganizira. Mu Seputembala 1984 Reagan anasaina lamulo la NSDD-145, loyamba kuika chitetezo cha makompyuta m'gulu la nkhani za chitetezo cha dziko. Fred Kaplan amatsegula buku lake Dark Territory, la 2016, ndi nkhaniyi, ndipo amaonjezera kachinthu kokoma: olemba filimu aja, Lawrence Lasker ndi Walter Parkes, anakafunsa nzeru kwa Willis Ware wa ku bungwe la kafukufuku la RAND, munthu amene anachenjeza boma za ngozi yomweyi mu 1967 koma ochepa n'kumumvera. Chenjezo linazungulira zaka 16, linadzera ku Hollywood, ndipo ndi pamene linalowa m'khutu la mwini mudzi. Chilimwe chomwecho anyamata a ku Milwaukee odzitcha 414s analowa m'makompyuta a Los Alamos ndi a chipatala cha khansa cha Sloan-Kettering, aphungu n'kuonera chidutswa cha WarGames pa msonkhano wawo wofufuza, ndipo pofika 1986 lamulo la Computer Fraud and Abuse Act linali litakhazikika.

Filimu inaonetsa mizinga ndi nyali zofiira. Kazitape weniweni woyamba kugwidwa pa netiweki anaululika ndi masenti 75.

Clifford Stoll anali katswiri wa zakuthambo, wa tsitsi lanyankhalala, amene ndalama za kafukufuku wake zitatha anamutsitsira ku chipinda cha makompyuta ku Lawrence Berkeley Laboratory, ku California. Munali mu Ogasiti 1986. Masiku amenewo wogwiritsa ntchito kompyuta yaikulu ankalipira potengera nthawi, ndipo mabuku a ndalama anasiyana ndi masenti 75, mtengo wa masekondi 9. Anamupatsa ntchitoyi ngati yozolowerera malo. Wina akanangolemba kuti makina alakwitsa n'kupita kukadya. Stoll anakanda mpaka anapeza kuti pali mlendo amene akulowa ndi dzina la eni, n'kudzipatsa ulamuliro wonse pa kompyutayo podzera pa kachibowo ka m'pulogalamu yolembera ya GNU Emacs. Mlendoyo ankasiya kapulogalamu kake pamalo poti kompyuta ikalere ngati kake, monga imachitira mbalame yoikira dzira m'chisa cha inzake. N'chifukwa chake buku limene Stoll anadzalemba mu 1989 analitcha The Cuckoo's Egg.

Ndimalikonda bukuli chifukwa mulibe changamu chilichonse. Muli munthu wogona pansi pa desiki. Usiku wina kumapeto kwa sabata anazungulira m'maofesi a anzake n'kutola makina osindikizira ndi masikirini okwana 50, n'kuwalumikiza ku nthambo zonse za mafoni zolowa m'nyumbamo, kuti mlendo akangofika chilichonse chimene akulemba chizituluka papepala. Lolemba eni makina anabwera atakwiya. Mlendo akayamba kukopera chikalata choopsa, Stoll ankagwedeza makiyi ake pa nthambo kuti mzere usokonekere, uja n'kumaganiza kuti ndi vuto la mafoni. Atapita ku FBI anamufunsa ngati pabedwa ndalama zambiri kapena zinsinsi za boma. Atatchula masenti 75 anamubweza. CIA, NSA ndi ofufuza a gulu la ndege za nkhondo onse ankafuna kumva nkhani, koma aliyense ankati mlandu si wake.

Mapazi a mlendoyo anadutsa m'makompyuta a asilikali ambirimbiri, anaoloka nyanja, n'kukathera ku Hannover, ku West Germany. Kumeneko makina a mafoni anali akale, moti kuti apeze nambala pankafunika munthu aziyenda akulondola nthambo kwa ola kapena kuposa, pamene mlendo ankakhala mphindi zochepa n'kutuluka. Nzeru inachokera kwa chibwenzi cha Stoll: mutchereni nyambo. Anapeka ofesi yabodza yotchedwa SDInet, n'kuidzaza makalata ataliatali onamizira kuti ndi a pulogalamu ya Reagan yotchinga mizinga. Mlendo anameza. Anakhala maola akukopera nthano, ndipo anamupeza. Anali Markus Hess, yemwe pamodzi ndi anzake ankagulitsa zokoperazo ku KGB, gulu la ukazitape la Soviet Union, kudzera ku East Berlin. Khoti la ku Celle linawapeza olakwa mu 1990, koma silinawatsekere.

Mmodzi wa gululo sanafike kukhoti. Karl Koch anali atamira m'mabuku atatu a Illuminatus!, a Robert Shea ndi Robert Anton Wilson, nthano yanthabwala ya gulu lachinsinsi lolamulira dziko lonse. Iye sanaione ngati nthabwala. Anadzitcha Hagbard, dzina la munthu wa m'bukumo, ndipo ankakhulupirira kuti pothyola makompyuta akulimbana ndi gulu lachinsinsilo. Mankhwala osokoneza bongo anaonjezera moto. Anasowa pa 23 Meyi 1989 ali ndi zaka 23, ndipo mtembo wake unapezeka m'nkhalango utapsa. Apolisi anati anadzipha. Anzake ena mpaka lero sakhutira, makamaka poti nambala 23 ndi yopatulika m'mabuku aja. Ajeremani anapanga filimu ya moyo wake mu 1998 n'kuitcha 23. Ndipo imodzi mwa makompyuta atatu amene apolisi ananyamula ku Austin inkasunga bwalo lokambirana la makasitomala a Jackson lotchedwa Illuminati, dzina lochokera ku masewera amene anaphuka m'mabuku omwewo.

Njoka ya Brunner inatuluka m'buku usiku wa pa 2 Novembala 1988, pamene Robert Tappan Morris, wophunzira wa ku Cornell, anamasula pulogalamu imene inafooketsa makompyuta pafupifupi 6,000, mwina gawo limodzi mwa magawo khumi a intaneti ya nthawiyo. Bambo ake anali wasayansi wamkulu wa chitetezo cha makompyuta ku NSA, ndipo amapezeka m'buku la Stoll. Mwanayo anakhala mmodzi mwa oyamba kugamulidwa pansi pa lamulo la 1986 lija.

Wothyola makompyuta amene nthano inamupweteka pathupi ndi Kevin Mitnick. Iye mwini ankasimba kuti anakhala miyezi 8 m'chitokosi chayekha chifukwa woimira boma anauza woweruza kuti munthuyu akangogwira foni angathe kuimba mluzu n'kuutsa mizinga ya nyukiliya. Ndi WarGames imeneyo, itavala mkanjo wa kukhoti. Ukawerenga Ghost in the Wires, buku lake la 2011, umapeza kuti chida chake chachikulu chinali pakamwa. Ankaimbira wantchito wa kampani, n'kudzitcha mnzake wa ku nthambi ina amene wapanikizika, uja n'kupereka yekha mawu achinsinsi. Aliyense amene analandirapo uthenga wakuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi" luso limeneli akulidziwa, silifuna kompyuta.

Nkhondo ya mawu itatha pakati pa America ndi Soviet Union, mantha anafuna mwini watsopano, ndipo anamupeza mwa chigawenga. Mawu akuti cyberterrorism amati anawayambitsa Barry Collin m'zaka za m'ma 1980. Mu 1991 Winn Schwartau anachenjeza aphungu a America za Pearl Harbor ya pa makompyuta, kutanthauza chiwembu chodzidzimutsa chonga chimene Japan inachita mu 1941. Chaka chomwecho anatulutsa nthano yake, Terminal Compromise, yosimba chiwembu chotero. Mboni ndi mlembi wa nthano anali munthu mmodzi. Mu 1993 John Arquilla ndi David Ronfeldt a ku RAND analengeza kuti nkhondo ya makompyuta ili m'njira. Mu 2010 Richard Clarke ndi Robert Knake, m'buku loti ndi la zoona lotchedwa Cyber War, anajambula America ikugwa m'mphindi 15, sitima zikugubuduka, ndege zikuombana. Mu Okutobala 2012 nduna ya chitetezo Leon Panetta inabwerezanso Pearl Harbor yomweyo.

Pakati pa zonsezi panadutsa bodza limodzi lokoma kwambiri. Pa 1 Epulo 1991, John Gantz analemba m'magazini ya InfoWorld kuti NSA inabisa vairasi yotchedwa AF/91 m'makina osindikizira opita ku Iraq, n'kuchititsa khungu zida zoombera ndege za Saddam Hussein. Zilembo AF zinkaimira tsiku lopusitsana la mu Epulo. Miyezi ingapo pambuyo pake U.S. News & World Report inafalitsa nkhani yomweyo ngati yoona, yochokera kwa akuluakulu a boma, n'kuiikanso m'buku lake la nkhondo ya ku Gulf. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Nkhaniyi yakhala ikubwerezedwa kwa zaka, ngakhale mwini nthabwala anaulula kalekale.

Nanga zigawenga zija? Zinagwiritsadi ntchito intaneti, koma pokopa anthu, kutolera ndalama ndi kuopseza. Ardit Ferizi wa ku Kosovo anagamulidwa zaka 20 mu 2016 chifukwa choba mayina a asilikali ndi antchito a boma la America oposa 1,300 n'kupatsa ISIS. Wailesi ya kanema ya TV5Monde ya ku France itazimitsidwa mu Epulo 2015, ochita chiwembu anadzitcha CyberCaliphate, koma ofufuza atalondola mapazi anakafika kwa gulu logwirizana ndi asilikali a Russia. Kuzimitsa mzinda kumafuna ndalama, zaka, akatswiri ndi makina oyeserera, ndipo zimenezi amakhala nazo ndi maboma. Thomas Rid, m'buku la 2013 lokana kuti nkhondo ya makompyuta idzachitika, ananena kuti zimene tikuona ndi ntchito zitatu zakalekale: ukazitape, kuononga katundu mobisa ndi kusokoneza maganizo a anthu. Ndikuona kuti anakhoza kwambiri kuposa olosera tsoka, ngakhale mutu wa buku lake unalimba mopitirira. Akanaonjezeranso yachinayi, kulanda dipo, imene ifenso tinaimva mu Febuluwale 2024 pamene pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti kusindikiza mapasipoti kwaima chifukwa anthu ena alowa m'makompyuta ndipo akufuna ndalama.

Estonia inalawa kaye chiwembu cha pa makompyuta mu 2007, mabanki ndi nyuzipepala zitatsekeka pa intaneti chifukwa cha mkangano wosamutsa chipilala cha msilikali wa Soviet ku Tallinn. Koma chida chenicheni chinaoneka mu Juni 2010, kakampani ka ku Belarus, VirusBlokAda, katapeza pulogalamu yachilendo m'kompyuta ya kasitomala wa ku Iran. Kim Zetter, mu Countdown to Zero Day, amasimba mmene akatswiri a Symantec ndi Ralph Langner wa ku Hamburg anaisendera kwa miyezi mpaka kuzindikira kuti Stuxnet inkasaka malo amodzi okha padziko: Natanz, kumene makina ozungulira ngati nguli amayenga uranium. Inkawathamangitsa mopitirira, kenako n'kuwachedwetsa, kwinaku ikuonetsa oyang'anira manambala akale osonyeza kuti zonse zili bwino. Makina pafupifupi 1,000 anaonongeka, eni ake akukayikirana okhaokha. David Sanger analemba mu 2012 kuti inali ntchito ya America ndi Israel. Maboma awiriwa sanavomerepo poyera. Palibe wolemba nthano amene anaganizapo za chida choleza mtima chotero, chofuna kuti mdani asadziwe n'komwe kuti akumenyedwa.

Olemba nthano sanagone. Marc Elsberg anazimitsa magetsi a Ulaya yense mu Blackout mu 2012. P. W. Singer ndi August Cole anaika mazana a maumboni kumapeto kwa Ghost Fleet mu 2015, nthano n'kumaoneka ngati lipoti, moti Prabowo Subianto, amene anadzakhala pulezidenti wa Indonesia, anaitchula pochenjeza kuti dziko lake lingathe pofika 2030. Mu 2018 Bill Clinton, amene anakhalapo pampando weniweniwo, analemba ndi James Patterson nthano ya vairasi yofuna kufafaniza America.

Nawonso asilikali a pa kompyuta amawerenga. Mu 2014 akatswiri a kampani ya iSight Partners, posanthula pulogalamu yozonda Ukraine ndi NATO, anapeza mkati mwake mayina monga Arrakis ndi Atreides, ochokera mu Dune, nthano ya Frank Herbert ya 1965. Gululo analitcha Sandworm, potengera chinjoka cha mumchenga cha m'bukumo, ndipo Andy Greenberg anatenga dzinali kukhala mutu wa buku lake la 2019. Pa 23 Disembala 2015, wantchito wa kampani ya magetsi kumadzulo kwa Ukraine anaonerera kamuvi ka pa sikirini yake kakuyenda kokha, kakuzimitsa masiteshoni amodziamodzi. Makasitomala pafupifupi 225,000 anakhala mumdima pakati pa chisanu. Magetsi anabwerera m'maola ochepa chifukwa amisiri anakwera magalimoto n'kukayatsa ndi manja, makina akale akadalipo. America inadzatchula gululo kuti ndi Unit 74455 ya GRU, gulu la ukazitape la asilikali a Russia, n'kuimba mlandu asilikali ake 6 mu 2020.

Chiwembu chawo chachikulu chinalowera m'mabuku a ndalama, ngati cha Stoll. Pa 27 Juni 2017, pulogalamu yowerengera misonkho yotchedwa M.E.Doc, imene makampani ambiri a ku Ukraine ankagwiritsa ntchito, inabweretsa NotPetya. Inkanamizira kufuna dipo, koma inali yongopha makompyuta basi, ndipo sinaime pamalire. Boma la America linati inaononga za madola 10 biliyoni. Kampani ya sitima zapamadzi ya Maersk inangofunika kompyuta imodzi ya ku Odesa kuti makina ake padziko lonse azime; madoko 17 anaima, malole ali mdipiti pazipata.

Akatswiri a Maersk atasonkhana ku Maidenhead, ku England, anapeza kuti zambiri angathe kuzibwezeretsa, kupatula chinthu chimodzi: makompyuta osunga kaundula wa amene ali ndi chilolezo cholowa kuti. Analipo pafupifupi 150, onse okoperana, ndipo onse anafa limodzi. Anaimba mafoni ku maofesi a m'maiko osiyanasiyana mpaka anapeza imodzi yamoyo, ku Ghana. Magetsi anali atazima kumeneko chiwembu chisanafike, kompyutayo n'kukhala yosalumikizidwa. Intaneti ya ofesiyo inali yochedwa moti kutumiza zonsezo kukanatenga masiku, ndipo panalibe wantchito wa kumeneko amene anali ndi viza ya ku Britain. Choncho mmodzi anakwera ndege ndi hard drive m'chikwama mpaka ku Nigeria, n'kupatsira mnzake pabwalo la ndege, uyo n'kuuluka nayo maola oposa 6 kukatera ku Heathrow.